Kodi masingano a ku China angachize msana, bondo ndi BP?

Funso: Ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe ndipo ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa pa Nsungwi. Msana wakhala ukundiwawa kwa zaka zitatu, ndipo tsopano bondo lakumanja nalo layamba kulimba ndikamadzuka m'mawa. Ndinayamba kumwa mankhwala a BP zaka zisanu zapitazo, komanso pafupifupi tsiku lililonse ndimamwa Indocid kapena Brufen wogula ndekha kuti ndithe kugwira ntchito. Mnzanga wa kumpingo anapita kwa munthu wina wobaya masingano a ku China, ndipo anamuuza kuti masinganowo amachiza msana, BP ndi shuga moti munthu amafika posiya mapiritsi. Kodi zimenezi n'zoona? Kodi ndipite?

Yankho: Mayi, pepani ndi ululu umene mwakhala nawo nthawi yonseyi, ndipo mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama zanu kapena kusiya mankhwala, pakuti safunsa anadya phula. Ine ndimagwira ntchito ya mafizo muno mu Lilongwe, ndipo anthu ovutika msana ndi mawondo ndi amene amadzaza benchi yathu tsiku ndi tsiku. Ndinaphunziranso kubaya masingano ndipo ndimawagwiritsa ntchito pa odwala ena, choncho sindikulankhula ngati munthu wodana nawo. Zoona zake n'zakuti masingano angathe kukuchepetserani ululu wa msana ndi wa bondo kwa kanthawi, mwina mokwanira kuti muyambenso kuyenda ndi kugona bwino, koma sangachize BP kapena shuga, ndipo aliyense wokuuzani kuti musiye mapiritsi anu chifukwa cha masingano akuika moyo wanu pachiswe. Ndikuuzeninso msanga kuti m'kalata yanu yonse, chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi Indocid amene mukumwa tsiku lililonseyo, ndipo ndibwererako bwinobwino.

Chithandizo chimenechi ambiri amachidziwa ndi dzina lachingerezi loti acupuncture. Anthu akamva mawu oti singano amaganiza za jakisoni, koma ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Singano ya jakisoni ili ndi bowo m'kati modutsira mankhwala, pomwe ya acupuncture ilibe bowo, ilibe mankhwala alionse, ndipo ndi yopyapyala ngati tsitsi lokhuthala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita. Si mphininso ayi. Sing'anga akamatema mphini amacheka khungu ndi lumo kuti magazi atuluke, kenako n'kupakapo mankhwala, pamene apa khungu silichekedwa ndipo nthawi zambiri magazi satuluka n'komwe. Wodwala amagona chafufumimba pabedi, wobayayo amasamba m'manja, amang'amba kapepala kamene singano imabweramo, amaika kachubu kakang'ono pakhungu n'kugogoda singanoyo ndi chala kamodzi kokha, ndipo imalowa ngati kuluma kwa udzudzu. Akamaipotoza pang'ono, munthu amamva kulemera kapena kadzanzi kofalikira mozungulira malowo, ndipo Atchaina amakutcha kumva kumeneku de qi. Masingano ngati khumi kapena kuposerapo amasiyidwa m'thupi kwa mphindi 20 mpaka 30, kenako amazulidwa n'kutayidwa.

Luso limeneli linachokera ku China, ndipo buku lakale lotchedwa Huangdi Neijing, lomwe linalembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndi limene linafotokoza maziko ake. Malinga ndi chiphunzitso chimenecho, m'thupi la munthu mumayenda mphamvu yotchedwa qi, imene imadutsa m'njira zikuluzikulu 12, ndipo munthu amadwala mphamvuyo ikatsekeka kapena ikasokonekera. Singano imabayidwa pamalo osankhidwa a m'njirazo kuti mphamvuyo iyambenso kuyenda, ndipo malo odziwika amene bungwe la World Health Organization linawaika m'ndandanda wake alipo 361. Mayiko a azungu anayamba kuchita nazo chidwi kwambiri mu 1971, pamene mtolankhani wa nyuzipepala ya New York Times, James Reston, anachitidwa opaleshoni ya apendikisi ku Beijing ndipo analemba mmene masingano anamuchepetsera ululu wa m'mimba opaleshoniyo itatha. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika lusoli m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse. Kuno kwathu nkhani za mankhwala a ku China zinayamba kumveka kwambiri dziko lathu litakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007, ndipo kuchokera nthawi imeneyo magulu a madokotala a ku China akhala akubwera kudzagwira ntchito pa Kamuzu Central Hospital ndi pa Mzuzu Central Hospital.

Ndimalemekeza mbiri imeneyi, koma ndiyenera kunena mosabisa kuti akatswiri ofufuza thupi la munthu sanazipezepo njira za qi zimenezi monga mmene amapezera mitsempha ya magazi kapena minyewa. Kufotokoza kumene ine ndimakukhulupirira n'kwa minyewa ndi ubongo. Mukadzigunda chigongono pachitseko, dzanja limathamangira lokha kukasisita pamalopo, ndipo ululu umachepa. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza chifukwa chake: uthenga wa kukhudza ndi uthenga wa ululu zimadutsa pachipata chimodzi m'kati mwa msana popita ku ubongo, ndipo wina ukachuluka umatsekereza unzake. Patatha zaka khumi, mu 1975, ofufuza a ku Aberdeen ku Scotland anapeza kuti thupi limapanga lokha mankhwala opha ululu ofanana ndi morphine, ndipo kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti kubaya singano kumachititsa thupi kutulutsa mankhwala amenewa. Pamwamba pa izo, singano ikalowa mumnofu womangika ngati mfundo, nthawi zina mnofuwo umadumpha pang'ono kenako n'kumasuka. Zonsezi zikukhudza mmene thupi limamvera ululu. Palibe chilichonse mwa izi chimene chimabwezeretsa chichereŵechereŵe chotha m'bondo, kapena kutsuka mitsempha ya magazi, kapena kudzutsa kapamba wofooka kuti apange insulini.

Pa nkhani ya msana wowawa kwa nthawi yaitali ngati wanu, pali kafukufuku mmodzi amene ndimakonda kuwafotokozera odwala anga chifukwa amaonetsa mbali zonse ziwiri. Anachitika ku Germany ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Anatenga anthu 1,162 amene msana unali utawawawa kwa zaka zambiri n'kuwagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba linabayidwa masingano motsatira malamulo onse a ku China. Gulu lachiwiri linabayidwa mongoyerekezera, masingano akungolowa pang'ono pakhungu ndiponso pamalo amene si a acupuncture, odwalawo osadziwa. Gulu lachitatu linalandira chithandizo cha masiku onse, chomwe ndi mapiritsi, mafizo ndi masewera olimbitsa thupi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu pafupifupi 48 pa 100 alionse a m'gulu loyamba anali atapeza bwino, a m'gulu lachiwiri anali 44 pa 100, pomwe a m'gulu lachitatu anali 27 pa 100 okha.

Manambala amenewa akutiuza zinthu ziwiri, ndipo ogulitsa chithandizochi amatchula choyamba chokha. Choyamba n'chakuti anthu obayidwa masingano anapezadi bwino kuposa amene anangopitiriza chithandizo chimene ambiri a iwo anali atachiyesa kale kwa zaka. Chachiwiri n'chakuti kubaya pamalo enieni a ku China ndi kubaya pamalo ena alionse kunasiyana pang'ono zedi. Izi zikutanthauza kuti gawo lalikulu la phindu limachokera ku kubaya khungu komweko, ku chiyembekezo cha wodwala, ndiponso ku kugona phee kwa theka la ola munthu wina akukusamalira ndi kukumvetsera, chinthu chimene mayi wochita geni kuyambira mbandakucha mpaka madzulo sachipeza kawirikawiri. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepa, chifukwa ululu ukachepa wachepa ndithu, ndipo munthu amene wagona tulo usiku wonse wapindula. Koma zikutiphunzitsa kusakhulupirira munthu wonena kuti iye yekha ndi amene akudziwa malo achinsinsi obayapo, n'kumalipiritsa ndalama zambiri pa chifukwa chimenecho. Mu 2018 ofufuza anaphatikiza zotsatira za anthu 20,827 ochokera m'kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 39 wokhudza ululu wa msana, khosi, phewa, nyamakazi ya m'mawondo ndi mutu, ndipo anapezanso chimodzimodzi: masingano enieni amaposa ongoyerekezera pang'ono, ndipo amaposa kusalandira masingano ndi mlingo wooneka ndithu, ngakhale si wodabwitsa.

N'chifukwa chake mabungwe a zaumoyo sagwirizana chimodzi pa nkhaniyi. Ku Germany, inshuwalansi ya boma inayamba kulipirira masingano pa ululu wa msana ndi wa bondo kuyambira 2007. Ku America, inshuwalansi ya okalamba ya Medicare inayamba mu 2020 kulipirira maulendo 12 m'masiku 90 kwa odwala msana, ndi ena 8 owonjezera ngati munthu akuonetsa kusintha. Mu 2023 World Health Organization inaika masingano m'gulu la njira zimene zingagwiritsidwe ntchito pa msana wowawa kwa nthawi yaitali, pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi, kusisita ndi kuphunzitsa wodwala za vuto lake. Koma ku Britain, bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma, linanena mu 2016 kuti masingano asamaperekedwe pa ululu wa msana chifukwa kusiyana kwake ndi ongoyerekezera n'kochepa, ndipo mu 2022 linanenanso chimodzimodzi pa nyamakazi ya m'mfundo. Pa bondo lanulo, tsono, yembekezerani zochepa. Kulimba kwa bondo m'mawa pa msinkhu wanu nthawi zambiri kumakhala kutha kwa chichereŵechereŵe, ndipo chimene chimathandiza kwa nthawi yaitali ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi kuchepetsa thupi ngati lakula, pomwe masingano amangopeputsa ululu kwa kanthawi.

Pali mavuto ena awiri amene umboni wake ndi wabwinopo, ndipo ndiwatchule chifukwa owerenga ambiri amawafunsa. Loyamba ndi mutu waching'alang'ala ndi mutu womanga ngati lamba. Pa mutu waching'alang'ala, ofufuza a bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, ataunika mu 2016 kafukufuku wokhudza anthu pafupifupi 5,000, anapeza kuti masiku odwala mutu anatsika ndi theka mwa anthu 50 pa 100 obayidwa masingano enieni, poyerekeza ndi 41 pa 100 obayidwa ongoyerekezera. Lachiwiri ndi nseru ndi kusanza, makamaka pambuyo pa opaleshoni. Pali malo ena pamkono, kumbali ya chikhatho, zala zitatu kuchokera pamzere wa pamfundo ya dzanja, pakati pa mitsempha iwiri yolimba imene imatukuka mukakunga chibakera. Kukanikiza malo amenewa ndi chala chachikulu kwa mphindi zingapo kumachepetsa nseru mwa anthu ena, ndipo sikufuna singano kapena ndalama. Komabe mutu wobwera ndi kutentha thupi umafuna kuyezetsa malungo tsiku lomwelo, mutu wosatha mwa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ungakhale matenda oumitsa khosi, ndipo mutu mwa mayi woyembekezera ungakhale chizindikiro cha BP yokwera moopsa. Onsewa malo awo ndi kuchipatala.

Tsopano za BP, zimene ndi mtima wa funso lanu. Ku Boston ku America anayesa nkhani imeneyi mosamala pa anthu 192 a BP yokwera, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2006: obayidwa masingano enieni ndi obayidwa ongoyerekezera sanasiyane. Ofufuza a Cochrane ataunikanso umboni wonse mu 2018 sanapeze chosonyeza kuti masingano amatsitsa BP mokhalitsa. N'zoona kuti munthu akagona phee kwa theka la ola, BP yake imatha kutsika pang'ono, ndipo wobaya wochenjera akhoza kukuyezani musanagone ndiponso mutadzuka n'kukuonetsani manambala osiyana. Koma mukakwera minibasi kubwerera ku Area 25, BP ija imabwerera pamene inali, ndipo imakhala pomwepo usiku wonse mitsempha ya mu ubongo ndi impso zikuvutika. Shuga nayenso n'chimodzimodzi: singano siilowa m'malo mwa metformin kapena insulini.

Kuopsa kwa BP n'kwakuti siipweteka. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Munthu akhoza kumva bwino kwambiri, mutu wopepuka, thupi lamphamvu, pomwe m'kati zinthu zikuonongeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kafukufuku wina wa odwala mphumu, amene anatuluka mu 2011, anaonetsa zimenezi poyera. Odwala amene anapatsidwa mankhwala enieni opopera m'kamwa ndi amene anabayidwa masingano ongoyerekezera onse ananena kuti akupeza bwino mofanana, koma atawayeza ndi makina, mpweya wotuluka m'mapapo unali utawonjezeka ndi 20 pa 100 mwa olandira mankhwala enieni, pomwe mwa enawo unawonjezeka ndi 7 pa 100 yokha, chimodzimodzi ndi amene sanalandire kalikonse. Munthu wa mphumu wotereyo akasiya mankhwala ake chifukwa akumva bwino, tsiku limene chifuwa chidzamutseke adzakhala alibe chomuteteza.

Ndimalankhula motsindika chonchi chifukwa ife a mafizo ndi amene timalandira anthu zinthu zitavuta kale. Sindiiwala bambo wina wa msinkhu ngati wanu, woyendetsa galimoto yaikulu, amene anabwera naye pa njinga ya olumala mkono wakumanzere uli lendee pamwendo, pakamwa patakhota, mkazi wake akumupukuta dovu ndi mpango. Nditafunsa za mankhwala, mayiyo anatulutsa m'chikwama buku lachipatala ndi mapaketi a mapiritsi a BP osatsegula n'komwe. Bamboyo anali atawasiya kwa miyezi inayi atauzidwa ndi munthu wina wochiritsa kuti magazi ake ayera tsopano. Tinagwira naye ntchito kwa miyezi yambiri mpaka anayamba kuyenda ndi ndodo, koma chiwongolero sanachigwirenso, ndipo ana ake awiri anasiya sukulu yolipira. Chonde Mayi, mapiritsi anu a BP apitirire tsiku lililonse, ndipo wosintha mlingo wake akhale dokotala kapena kilinikala amene amakuonani kukiliniki ya BP.

Malonjezo ena amene amamveka m'tauni muno ndi akuti masingano amapereka mphatso ya mwana, amachiza khansa, kapena amalola munthu kusiya ma ARV. Pa za kubereka, kafukufuku wa amayi 848 a ku Australia ndi New Zealand amene ankathandizidwa kutenga pakati kuchipatala anapeza mu 2018 kuti obayidwa masingano enieni ndi ongoyerekezera anabereka ana mofanana, pafupifupi 18 pa 100 mbali zonse. Pa khansa, masingano angathandize nseru kapena ululu wobwera ndi chithandizo, koma chotupacho sachikhudza. Pa HIV, TB ndi malungo alibe gawo lililonse.

Ndibwerere ku Indocid ndi Brufen. Mankhwala amenewa ndi a banja limodzi ndi diclofenac, ndipo amathandizadi ululu, koma akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mapiritsi ena a BP, amaononga impso mwakachetechete, ndiponso amayambitsa zilonda za m'mimba zimene zimatha kutuluka magazi. Kuwaphatikiza awiri tsiku limodzi kumawonjezera ngoziyo popanda kuwonjezera phindu. Kwa mayi wa zaka 54 wa BP, zimenezi si zazing'ono. Ngati mwaona chimbudzi chakuda ngati phula, kutentha pamtima kosatha, kapena mapazi kutupa, musadikire tsiku la kiliniki. Ngakhale musanaone chilichonse mwa izi, kauzeni dokotala wanu kuchuluka kwa mapiritsi amene mukumwa, osachepetsa nambala chifukwa cha manyazi, ndipo mupemphe kuti akuyezeni impso. Apa ndi pamene masingano angakhale ndi ntchito yeniyeni kwa inu: ngati angakuchepetsereni ululu mpaka kusiya kudalira Indocid, ndiye kuti athandiza BP yanu mwa njira yokhayo imene angathe.

Musanabayidwe singano ngakhale imodzi, msana wanuwo uyambe waonedwa ndi wachipatala. Misana yambiri yowawa imachokera ku minofu ndi mfundo zotopa ndipo si yoopsa, koma kuno kwathu TB ya fupa la msana si yachilendo, ndipo khansa ya khomo la chiberekero kapena ya bere imatha kufalikira kumafupa a msana. Zizindikiro zofuna kuthamangira kuchipatala ndi kuonda popanda chifukwa, kutuluka thukuta kapena kutentha thupi usiku, ululu wokudzutsani pakati pa usiku umene susintha ngakhale mutatembenuka, kanundu kotukuka pamsana, miyendo kufooka kapena kuchita dzanzi, kutaya magazi kumaliseche pamene munasiya kale kusamba, ndipo choopsa koposa, kulephera kugwira kapena kutulutsa mkodzo ndi chimbudzi pamodzi ndi dzanzi pakati pa miyendo. Chomalizachi ndi cha tsiku lomwelo, ku Kamuzu Central Hospital, ngakhale usiku. Vuto la masingano pa matenda oterewa n'lakuti akhoza kuphimba ululu kwa masabata angapo pomwe fupa likudyeka, ndipo munthu amafika kuchipatala miyendo itafa kale.

Mukapezeka kuti mulibe zoopsazi ndipo mwasankha kuyesa, samalani posankha wokubayani. M'manja mwa munthu wophunzira bwino, chithandizochi n'chosaopsa kwenikweni. Ku Germany anatsatira odwala 229,230 ndipo pafupifupi 9 pa 100 anadandaula zinthu zing'onozing'ono, makamaka kadontho ka magazi kapena kubiriwira pakhungu, pomwe awiri okha ndi amene anabooledwa phapo. Ngozi ya phapoyi imachitika singano ikalowa mozama pachifuwa, paphewa kapena kumtunda kwa msana, ndipo zizindikiro zake ndi kubanika ndi kubaya m'chifuwa pambuyo pa chithandizo. Ngozi imene ine ndimaiopa kwambiri kuno ndi ya singano zobwereza. Mu 1984 ku Rhode Island ku America, anthu 35 anatenga matenda a chiwindi a hepatitis B kwa wobaya mmodzi amene sankasamala masingano ake, ndipo m'dziko ngati lathu, mmene hepatitis B ndi HIV zilipo zambiri, nkhani imeneyi ndi yofanana ndi ya lumo limodzi lotemera mphini anthu ambiri. Singano iliyonse itsegulidwe m'kapepala kake inu mukuona, ndipo ikazulidwa iponyedwe m'bokosi lotayira zobaya. Mukaona masingano ali m'mbale, m'botolo la spiriti kapena okulungidwa pansalu, dzukani muzipita.

Muli ndi ufulu wofunsa kumene munthuyo anaphunzira ndiponso kuona chiphaso chake. Madokotala, makilinikala ndi a mafizo amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo wogwira ntchito moona sakwiya mukamufunsa zimenezi. Wobaya wabwino amayamba wafunsa mbiri ya matenda anu, amaona buku lanu lachipatala, ndipo amafuna kudziwa ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ngati muli ndi pakati, kapena ngati muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, chifukwa ena amalumikiza masingano ku magetsi ochepa. Odwala shuga asabayidwe kumapazi kumene kuli dzanzi kapena zilonda, ndipo khungu lotupa kapena la mafinya silibayidwa. Idyani kanthu musanapite, chifukwa ena amachita chizungulire ulendo woyamba. Chenjeraninso ndi timabotolo ndi maufa amene ena amagulitsa pambali pa masingano. Mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo impso zimene zalimbana ndi Indocid kwa zaka sizifunika kusenzetsedwanso zinthu zosadziwika.

Ndalama za geni ya tomato n'zowerengeka, choncho gwirizanani malire musanayambe. M'kafukufuku wa msana wa ku Germany uja anthu ankabayidwa maulendo khumi, kawiri pa sabata, ndipo ine ndimauza odwala anga kuti ngati pofika ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi palibe chasintha, tisiye, chifukwa kupitiriza n'kungotaya ndalama. Musalipiriretu maulendo ambiri nthawi imodzi. Kuti musadzinamize, tengani kope limene mumalembamo angongole anu, ndipo kumapeto kwake muzilemba madzulo alionse zinthu zitatu: mapiritsi a ululu amene mwamwa tsikulo, maulendo amene ululu wakudzutsani usiku, ndi mphindi zimene mwatha kuyenda kapena kuima musanafune pokhala. Pakatha masabata atatu, kopelo lidzakuuzani zoona kuposa mmene mungakumbukire nokha kapena mmene wobayayo angakuuzireni.

Masiku amene ululu wachepa muwagwiritse ntchito poyambitsa thupi kuyenda, chifukwa phindu lokhalitsa lili pamenepo. Ndikudziwa mmene ntchito yanu ilili: kulawirira kukapikula, kutsitsa dengu kapena kireti, kenako kukhala pakampando kafupi tsiku lonse mutawerama kupanga milu ya tomato pansi. Msana umadana ndi kukhala malo amodzi nthawi yaitali kuposa mmene umadanirana ndi ntchito. Ngati n'kotheka, kwezani malonda anu pa benchi yofika m'chiuno, pezani mpando umene mawondo sakwera kuposa chiuno mukakhala, ndipo muziimirira n'kuyenda pang'ono pakatha theka la ola lililonse ngakhale kulibe kasitomala. Ponyamula kireti, isendezeni pafupi ndi thupi, pindani mawondo, ndipo yolemera kwambiri muigawe pawiri kapena mulipire mnyamata wonyamula. Pa bondo, khalani pampando, wongolani mwendo mpaka uti tantha, werengani mpaka 5, kenako tsitsani pang'onopang'ono. Chitani kakhumi m'mawa ndi kakhumi madzulo, mwendo uliwonse. Kuthowa msana ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda madzulo, monga ankachitira amayi athu, kumathandizanso ndipo sikulimbana ndi mankhwala alionse.

Sabata ino, tsono, pitani kukiliniki yanu ya BP mutatenga buku lanu lachipatala ndi mapaketi onse a mapiritsi amene mukumwa, kuphatikizapo ogula nokha. Akuyezeni BP, shuga ndi impso, akuoneni msana ndi bondo, ndipo mupemphe kalata yopita ku mafizo ku Kamuzu Central Hospital kapena kuchipatala china chimene chili ndi a mafizo. Mnzanu wa kumpingo uja mumufunse ngati wasiya kale mapiritsi ake, ndipo ngati wasiya, mupite naye limodzi tsiku lomwelo akamuyeze.